Seva ikuyankha, kenako zii: kusaka ma adiresi a MAC ogundana pa z/VM

Dandaulo lake limabwera mofanana nthawi zonse. A pa kauntala ku ofesi ya pa Kasungu boma amaimba foni kuti sisitimu yaima. Musanayambe n'komwe kufufuza aimbanso kuti yayamba, masana akuti yaimanso. Woyamba kulozedwa chala amakhala intaneti, wachiwiri magetsi, ndipo oganiza choncho sitingawadzudzule chifukwa kuno nthawi zambiri zimakhaladi zimenezo. Koma ngati imelo ikuyenda, mawebusayiti akutseguka, seva zina za pa mainframe yomweyo zikuyankha, imodzi yokha ndiyo ikuchita chibisalirano, lekani kuzimitsa ndi kuyatsa rauta. Kayang'aneni adiresi ya MAC, nambala imene khadi la netiweki limadziwika nayo.

Malangizowa ndi a inu amene mumayang'anira seva za Linux zokhala pa z/VM kapena pa KVM ya makina a IBM Z ndi LinuxONE (z/VM ndi KVM ndi mapulogalamu oyendetsa seva zambiri m'makina amodzi), inuyo muli ku Kasungu, makinawo ali kutali m'chipinda chozizira, mumangowafikira pa VPN. Kutaliko kuli ndi vuto lake: simungazule chingwe kuti muone chimene chazima. Zonse muzidziwa pofunsa CP (Control Program, mtima wa z/VM), pofunsa Linux ndi pofunsa switch, ndipo atatuwa aliyense amaona mbali yake yokha.

Chimene switch ikuchita

Chizindikiro chosanama ndi ichi. Lowani pa console ya seva yovutayo kudzera pa 3270, mutumize ping ku gateway. Ikuyankha bwinobwino, ndipo nthawi yomweyo a ku kauntala akuti zatheka. Siyani ping ija. Pasanapite nthawi seva yasowanso.

Switch imasunga tebulo losonyeza kuti adiresi yakuti ili ku poti yakuti, ndipo tebulolo imalilemba poona kumene frame yomaliza ya adiresiyo yachokera. Seva ziwiri zikakhala ndi MAC imodzi, imene yalankhula komaliza ndiyo imalandira zonse, zake ndi za inzake. Zili ngati alimi awiri atalembetsedwa pa nambala imodzi ku okushoni ya Chinkhoma: fodya agulitsa onse, koma ndalama zitsata amene dzina lake lalowa komaliza m'kaundula. Ping yanu ija imangopangitsa seva kulankhula sekondi iliyonse, ndiye imalanda tebulo. N'chifukwa chake seva yotanganidwa imaoneka yabwinobwino, yofatsa ndiyo imadwala, ndipo anthu amataya masiku akupima yodwalayo pamene gwero lili kwina.

Palinso china chosokoneza mutu. Ma guest (seva zoyenda pansi pa z/VM) a pa VSWITCH imodzi, switch ya mkati mwa z/VM, amalankhulana popanda kutuluka m'makina, choncho mukayesa kuchokera ku seva yoyandikana nayo zonse zimaoneka zabwino. Mayeso oona ndi ochokera kunja kwa LPAR imeneyo, chigawo cha mainframe chimene z/VM ikuyendamo.

Kumene z/VM imatenga adiresi

Adiresi ya MAC ili ndi ma byte 6, kapena kuti manambala 12 a hex. Pa khadi lenileni, ma byte 3 oyamba ndi a kampani yopanga, olembetsedwa ku IEEE. Khadi la guest silinapangidwe ku fakitale iliyonse, ndiye CP imalipangira adiresi yokha: ma byte 3 oyamba imatenga pa MACPREFIX ya mu fayilo ya SYSTEM CONFIG, ma byte 3 otsiriza ndi MACID. Prefix imayamba ndi 02 nthawi zonse, kuyambira 020000 mpaka 02FFFF. 02 ameneyu amatanthauza kuti adiresiyo ndi yopangidwa ndi eni netiweki, ndipo palibe bungwe lililonse padziko limene likukuyang'anirirani kuti isafanane ndi ya wina. Ntchito imeneyo ndi yanu.

Apa ndiye pamene pabadwira mavuto ambiri. Mukaika z/VM yoima payokha osalemba MACPREFIX, imagwiritsa ntchito 020000. MACID imagawidwa motsatana kuyambira pansi, kwa aliyense wofuna adiresi, kuphatikizapo VSWITCH imene. LPAR imodzi yokha ilibe vuto, ndipo zaka zitha kudutsa. Tsiku limene mwaika z/VM yachiwiri, nayonso osalemba prefix, n'kuilumikiza ku VLAN (chigawo cha netiweki) yomweyo, muli ndi 02-00-00-00-00-05 kuno ndi 02-00-00-00-00-05 uko. CP imakana adiresi yobwereza mkati mwa sisitimu yake, koma za sisitimu ina siziona.

z/VM yachiwiriyo si LPAR yatsopano yokha ayi. Ikhoza kukhala z/VM yoyeserera imene wina anaiyatsa ngati guest pansi pa z/VM yaikulu n'kuipatsa OSA (khadi lenileni la netiweki la mainframe) yake. Ikhoza kukhala ya ku malo a DR (makina odikirira tsiku la ngozi) imene SYSTEM CONFIG yake inakoperedwa ndendende. Ziwirizi ndizo zimaiwalika chifukwa siziyaka tsiku lililonse. Vuto likamabwera sabata imene anthu akuyesa DR n'kutha lokha akamaliza, musafufuzenso kutali.

Chinthu chachiwiri chofunika kuchimvetsa: MACID yogawidwa ndi CP si yokhazikika. Guest ikachita LOGOFF n'kulowanso ikhoza kupatsidwa ina, ndipo IPL (kuyatsanso) ya z/VM yonse imasintha ndandanda malinga ndi amene wayamba kudzuka. Choncho kugundana kumasamuka. Mwezi uno ikuvutika seva ya malipiro, IPL ikachitika ikuvutika ya ma fayilo, ndipo anthu amaganiza kuti ndi mavuto awiri osiyana.

Musanakonze, tsimikizani

Yambani ndi kufunsa ngati VSWITCH yanu ili ya mtundu wa IP kapena wa ETHERNET. VSWITCH inabwera ndi z/VM 4.4 mu 2003 ili ya IP yokha, ETHERNET inabwera pambuyo pake mu 5.1, ndipo sisitimu zakale zambiri zikadali ndi ya IP. Lembani pa MAINT, akaunti yoyang'anira z/VM:

QUERY VSWITCH VSW1 DETAILS

Pa VSWITCH ya IP, ma guest onse amatuluka ndi MAC ya khadi la OSA, ndipo OSA ndiyo imawayankhira ARP (funso lofuna MAC ya IP yakuti). Mukaona ma IP 30 ali ndi MAC imodzi pa tebulo la rauta, pamenepo palibe cholakwika, musakonze kanthu. Nkhani ya kugundana ndi ya VSWITCH ya ETHERNET, pamene guest iliyonse imaonekera kunja ndi adiresi yakeyake. Mu Linux, lsqeth ikuonetsani layer2 ili 1 kapena 0, ndipo iyenera kugwirizana ndi mtundu wa VSWITCH. Zikapanda kugwirizana khadi siligwira ntchito n'komwe. Limenelo ndi vuto lina, silichita chibisalirano.

Mukatsimikiza kuti ndi ETHERNET, lembani QUERY VMLAN pa z/VM iliyonse imene imakhudza VLAN imeneyo. Tikuti iliyonse, osati yokhayo imene ili ndi seva yodandaulidwa. Yankho lake limaonetsa prefix ya sisitimu, prefix ya USER (ya ma adiresi oika pamanja), MACIDRANGE ndiponso ngati chitetezo cha MAC chili choyatsa. Ziwiri zikaonetsa 020000, mlandu watha.

Prefix zikakhala zosiyana, yerekezani zimene CP inapereka ndi zimene Linux ikugwiritsa ntchito. Mkati mwa guest:

vmcp query nic 0600 details
ip -br link show enc600

Dzina la khadi limasiyana: enc600 pa RHEL 8 kupita m'tsogolo ndi pa Ubuntu, enccw0.0.0600 pa RHEL 7, eth0 pa SLES zambiri. Ma adiresi awiriwa akasiyana, kapena CP ikaonetsa adiresi yowonjezera imene simukuidziwa, ndiye kuti Linux ikudziikira yake, ndipo mudumphire ku gawo la seva zokopera pansipa.

Tsopano a netiweki akuthandizeni. Pa switch ya Cisco, log imakhala ndi uthenga woyamba ndi %SW_MATM-4-MACFLAP_NOTIF wonena kuti adiresi yakuti ikudumphadumpha pakati pa mapoti awiri. Apempheni alembe show mac address-table address 0200.0000.0005 kangapo motsatana, muone ngati poti ikusintha. Uthengawu muuwerenge mwanzeru. Kudumpha kamodzi kokha kumachitika mukasamutsa guest ndi VMRELOCATE kapena VSWITCH ikasamukira ku OSA yake yodikirira, ndipo n'zoyenera. Ma adiresi ambirimbiri a mitundu yonse akamadumpha nthawi imodzi, ndi loop ya zingwe, si nkhani ya z/VM. Adiresi imodzi kapena zingapo zoyamba ndi 02, zodumpha tsiku lonse pakati pa mapoti awiri omwewo a OSA, ndiwo matenda athu.

Kusapezeka kwa uthengawo sikutanthauza kuti muli bwino. LPAR ziwiri zikamagawana poti imodzi ya OSA, switch imaona poti imodzi yokha ndipo sidandaula. Pamenepo OSA ndiyo imakana kulembetsa adiresi kachiwiri, wobwera mochedwa n'kukhala wopanda netiweki. Pa Linux yolumikizidwa ku OSA mwachindunji, dmesg imaonetsa uthenga wa qeth wakuti MAC address yakuti already exists.

Mayeso omaliza, ngati bizinesi ikulolani mphindi zochepa: pa console ya seva yokayikitsa lembani #CP UNCOUPLE 0600, a netiweki afufute adiresiyo pa tebulo ndi clear mac address-table dynamic address, kenako ayang'anenso. Adiresi ikabwerera seva yanu ili yodulidwa, ilipo ina, ndipo poti imene yaonekera ikuuzani kumene ili. Kufufutako n'kofunika chifukwa tebulo limasunga adiresi masekondi 300 isanafufutike yokha. Bwezerani ndi #CP COUPLE 0600 TO SYSTEM VSW1.

Musasokoneze ndi IP yobwereza. Pamenepo arping yochokera ku seva ina ya pa VLAN yomweyo imabweza ma MAC awiri pa IP imodzi. Pa vuto lathu ndi mosemphana: ma IP awiri, MAC imodzi. Amene muli ndi IPv6 muli ndi mboni ina. Kumene adiresi ya link-local imapangidwa kuchokera ku MAC, 02:00:00:00:00:05 imabala fe80::ff:fe00:5, ndipo seva yodzuka mochedwa imaonetsa dadfailed pa ip -6 addr.

Kukonza prefix

Tengani pepala musanatsegule fayilo. Lembani z/VM zonse, zoyaka ndi zogona, mupatse iliyonse prefix yake, n'kupatula imodzi ya ma adiresi oika pamanja. Mwachitsanzo 02A001 ndi 02A002 za LPAR ziwiri zantchito, 02A011 ya ku DR, 02A0F0 ya z/VM yoyeserera, 02A0FF ya USERPREFIX. Manambala enieniwo alibe kanthu, bola asafanane. Pewani 020000, chifukwa z/VM iliyonse imene mawa wina adzaika mothamanga idzafikira pomwepo. Pewaninso zoyamba ndi 0242, chifukwa Docker kwa zaka zambiri inkapatsa ma container ma adiresi oyamba ndi 02:42, ndipo pa macvlan ma adiresi amenewo amatulukira pa VLAN.

Kuyambira z/VM 6.2, SYSTEM CONFIG imakhala pa disiki ya CF0 ya PMAINT. Pa zakale inkakhala pa CF1 ya MAINT. Sungani kope la fayilo yakale ndi dzina lina, kenako lembani motere:

KSG1: VMLAN MACPREFIX 02A001
KSG2: VMLAN MACPREFIX 02A002
VMLAN USERPREFIX 02A0FF

KSG1 ndi KSG2 ndi maina a sisitimu monga alili pa System_Identifier. Dzina lokhala ndi colon kutsogolo limachititsa kuti mzerewo uwerengedwe ndi sisitimu imeneyo yokha, ndipo ndi njira imeneyi imene imapulumutsa fayilo yokoperedwa ku DR: makina a kumeneko akakhala ndi dzina lawo, amatenga prefix yawo. Mukamaliza yendetsani CPSYNTAX pa fayiloyo. Ili pa disiki ya 193 ya MAINT. Kulumpha CPSYNTAX muli ku Kasungu, makina ali kutali, n'kuputa usiku wautali, chifukwa cholakwika chimadzaonekera pa IPL pamene simungalowe pa netiweki.

Prefix yatsopano imayamba kugwira ntchito pa IPL ya z/VM, ndiye pafunika nthawi yogwirizana ndi eni bizinesi. Kwa amene sisitimu zawo zimatumikira alimi, nyengo ya msika wa fodya si nthawi yopemphera IPL mwachisawawa. Podikira, zimitsani moto ndi MACID ya pamanja pa ma guest ogundanawo, monga tafotokozera m'munsimu. Dziwani kuti ngati sisitimu ziwirizo zikadali pa 020000, MACID imene mwasankha ikhale yakutali ndi manambala ang'onoang'ono amene CP ikugawa, monga F00001, ndipo muilembe.

Amene muli pa SSI (cluster ya ma z/VM ogwira ntchito ngati sisitimu imodzi), imene inabwera ndi z/VM 6.2 mu 2011 ya mamembala 4, n'kufika 8 pa 7.3 mu 2022, malamulo ake ndi atatu: MACPREFIX ya membala aliyense ikhale yosiyana, USERPREFIX ikhale imodzi pa onse, ndipo USERPREFIX isafanane ndi MACPREFIX ya membala aliyense. Mamembalawo amauzana ma adiresi amene atengedwa, ndipo guest yosamutsidwa ndi VMRELOCATE imanyamula MAC yake. Mukaona adiresi ya 02A001 ikuyenda pa KSG2 musadabwe. Koma mgwirizanowo umathera m'malire a cluster. SSI ziwiri zosiyana zokhala pa VLAN imodzi zimagundana chimodzimodzi ngati onse anasiya prefix zobwera nazo.

Za MACIDRANGE tinena mwachidule. Ndi njira yakale yopatulira manambala a pamanja mkati mwa prefix imodzi, monga VMLAN MACIDRANGE SYSTEM 000001-0FFFFF USER 0F0001-0FFFFF, kuti CP isagawe a m'chigawo cha USER. Imagwira ntchito, koma USERPREFIX yosiyana ndi yosavuta kuiwerenga: mukangoona adiresi pa switch mumadziwa ngati ndi ya CP kapena ya munthu.

Kukhomerera adiresi pa seva

Seva iliyonse imene ili ndi DHCP reservation, laisensi yomangidwa pa MAC, kapena lamulo la firewall loyang'ana MAC, iyenera kukhala ndi MACID yolembedwa mu directory, fayilo ya z/VM yofotokoza ma guest onse. Maganizo athu ndi akuti seva zonse zantchito zikhale choncho. Zoyeserera ndizo muzisiyire CP.

NICDEF 0600 TYPE QDIO LAN SYSTEM VSW1 MACID 140123

Khadi la QDIO limatenga manambala 3, 0600, 0601 ndi 0602, koma adiresi ndi imodzi. Ndi USERPREFIX ya pamwamba ija, seva iyi ikhala 02:A0:FF:14:01:23. Nambala 140123 sitinaitole: ndi ma byte 3 otsiriza a IP 10.20.1.35 mu hex, 20 ndi 14, 1 ndi 01, 35 ndi 23. Popeza ma IP sabwerezedwa, MACID nazonso sizibwerezedwa, ndipo wa netiweki akaona adiresi pa log amadziwiratu seva yake. Kuipa kwake n'kwakuti IP ikasinthidwa n'kupatsidwa seva ina, MACID yakale iyenera kusinthidwanso, apo ayi seva yatsopanoyo idzafuna nambala yomweyo. Amene simukonda zimenezi ingogawani motsatana, koma kaundula akhale mmodzi ndipo wogawa akhale mmodzi.

Pali misampha iwiri pano. Woyamba ndi kuika NICDEF ya MACID mu PROFILE imene ma guest ambiri amaitenga ndi INCLUDE. Guest yoyamba kulowa imatenga adiresi, zotsalazo CP imazikaniza, ndipo zimadzuka zopanda khadi. Uthenga wake umaoneka pa console nthawi ya LOGON, pamene palibe akuyang'ana. NICDEF ya MACID ilembedwe mu entry ya guest yeniyeniyo. Chimodzimodzi mukamakopera entry kupanga seva yatsopano, MACID ndi chinthu choyamba kusintha.

Wachiwiri ndi kuganiza kuti reboot ya Linux ikwanira. Mukasintha directory n'kuyendetsa DIRECTXA, kapena kudzera mu DirMaint, guest yoyaka imakhalabe ndi khadi lake lakale. Reboot imangoyatsanso Linux mkati mwa makina omwewo. Pafunika LOGOFF yeniyeni: SIGNAL SHUTDOWN LINUX01 WITHIN 300, tsimikizani ndi QUERY LINUX01 kuti yatulukadi, kenako XAUTOLOG LINUX01.

Za ku DR sankhani mwadala. Mukafuna kuti seva zidzuke kumeneko ndi MAC zomwezo, chifukwa cha malaisensi, USERPREFIX ikhale yofanana, koma ndiye netiweki yoyeserera DR ikhale yodulidwa kotheratu ku yantchito. VLAN ikamafika malo onse awiri, mayeso a DR adzagwetsa seva zamoyo.

Seva zokopera

Nthawi zina CP yachita zonse bwino, koma Linux imene inakoperedwa ndi FLASHCOPY kapena DDR yabwera ndi adiresi ya mwini wake m'ma fayilo ake. Fufuzani motere:

grep -ri -E "macaddr|hwaddr|lladdr|mac-address" /etc/sysconfig /etc/NetworkManager /etc/netplan /etc/systemd/network

Pa RHEL, MACADDR imaika adiresi pa khadi, pamene HWADDR imangosankha khadi lokhala ndi adiresiyo. Yoyamba imabweretsa kugundana, yachiwiri imachititsa kuti khadi lisadzuke chifukwa adiresi yasintha. Pa SLES mzere wake ndi LLADDR, pa NetworkManager ndi cloned-mac-address, pa netplan ndi macaddress. Yang'ananinso /etc/udev/rules.d ngati muli 70-persistent-net.rules yakale. Chotsani zonsezi, osati pa seva yovutayo yokha koma pa chikombole chimene mumakoperako, apo ayi mwezi wamawa vuto libweranso ndi seva yatsopano.

Pomwepo konzani /etc/machine-id. Ma seva ogwiritsa ntchito systemd-networkd amadzidziwikitsa ku DHCP ndi nambala yochokera mu fayilo imeneyi, choncho seva ziwiri za MAC zosiyana zikhoza kupatsidwa IP imodzi. Pa chikombole, fayiloyo ikhale yopanda kanthu ndi truncate -s 0 /etc/machine-id, seva iliyonse idzadzipangira yake podzuka.

Kuti Linux isamadziikire adiresi konse pali MACPROTECT, imene ingaikidwe pa sisitimu yonse ndi VMLAN MACPROTECT ON, pa VSWITCH imodzi, kapena pa khadi limodzi ndi SET NIC. N'chida chabwino koma musachiyatse paliponse tsiku limodzi. Guest imene ili ndi ma container a macvlan, kapena keepalived ya use_vmac imene imafuna adiresi ya VRRP yoyamba ndi 00:00:5E:00:01, imafunikadi ma adiresi owonjezera, ndipo idzaima. Pezani ma guest otere kaye, muwasiyire chitseko pa khadi lawo.

Mwasintha, koma seva ili chetebe

Rauta ikukumbukira adiresi yakale. Pa Cisco ARP imasungidwa maola 4 mukapanda kusintha. Linux nthawi zambiri imadzilengeza podzuka, koma ikapanda kutero ithandizeni kuchokera pa console:

arping -U -c 3 -I enc600 10.20.1.35

Zikakanika, a netiweki afufute ARP ya IP imeneyo. Kenako DHCP reservation, firewall ndi malaisensi zilembedwe adiresi yatsopano. Funsaninso ngati poti ya OSA ili ndi port security. Malire ake obwera nawo ndi adiresi 1, ndipo ngakhale anakwezedwa kale, IPL ya prefix yatsopano imabweretsa ma adiresi achilendo ambiri nthawi imodzi, poti n'kutsekedwa kukhala err-disabled. Pamenepo si seva imodzi imene imagwa, ndi zonse za pa VSWITCH. Funso limeneli lifunsidwe IPL isanachitike.

Kwa ogwira ntchito kuchokera kuno pali chenjezo lina. Musasinthe khadi kudzera pa SSH yodutsa pa khadi lomwelo, mudzidula nokha. Gwiritsani ntchito x3270 kapena wc3270 yopita ku TCPIP ya z/VM. Ndipo mukalowa pa console ya guest yoyaka, yang'anani pakona ya kumanja pansi. Pakalembedwa CP READ, Linux yaima ikudikira inu, lembani BEGIN. Intaneti ikaduka kapena magetsi akathima guest ili mu CP READ, CP imaidikira mphindi 15 n'kuichita LOGOFF, pokhapokha ngati nthawiyo inasinthidwa mu SYSTEM CONFIG. Seva imagwa, ndipo ngati MAC yake inali yogawidwa ndi CP ikhoza kudzuka ndi ina. Ikani SET RUN ON mu PROFILE EXEC ya ma guest onse, ndipo potuluka lembani #CP DISC, osati LOGOFF. Laputopu ikhale yodzaza batire ndipo foni yachiwiri ya hotspot ikhale pafupi musanayambe.

KVM ndi ophunzira a pa laputopu

Pa KVM nkhani ndi yomweyo, manambala okha ndiwo ena. libvirt imapereka ma adiresi oyamba ndi 52:54:00, ma byte 3 otsalawo imatola mwachisawawa pa 16,777,216. Mwayi wogundana pa seva 50 ndi wochepa kwambiri, umafika theka pokhapokha seva zikayandikira 4,800. Kugundana kwenikweni kumachokera pokopera XML ya guest kupita ku host ina pamanja. Gwiritsani ntchito virt-clone, imene imapanga adiresi yatsopano, ndi virt-sysprep yoyeretsa mkati mwa disiki. virsh domiflist ikuonetsani adiresi ya guest iliyonse. Mukaika MAC pamanja mu XML, byte yoyamba ithere ndi 2, 6, A kapena E. Ikathera ndi nambala yosagawika ndi 2 ndi adiresi ya multicast ndipo sigwira ntchito pa khadi.

Ma prefix ena amathandiza posaka mlendo pa VLAN: 00:50:56 ndi VMware, 00:15:5D ndi Hyper-V, 00:16:3E ndi Xen, 08:00:27 ndi VirtualBox.

Achinyamata amene akuphunzira Linux ya s390x pa ma laputopu ndi qemu-system-s390x amakumana ndi vutoli tsiku loyamba lomwe akalumikiza makina awo pa bridge m'chipinda chimodzi. QEMU yoyendetsedwa pamanja, mukapanda kuiuza, imapatsa khadi loyamba 52:54:00:12:34:56, pa laputopu iliyonse. Ophunzira 10 amakhala ndi adiresi imodzi, rauta imawapatsa IP imodzi, ndipo apt imayenda kwa mmodzi n'kuima kwa ena mosinthana. Aliyense apatsidwe nambala yake pa mzere woyatsira:

-device virtio-net-ccw,netdev=n0,mac=52:54:00:0a:00:07

Mphunzitsi agawe byte yomaliza potsata nambala ya mpando, ndipo byte yachisanu isinthidwe pa makina achiwiri a wophunzira yemweyo. Amene akugwiritsa ntchito netiweki ya user ya QEMU, yopanda bridge, izi siziwakhudza chifukwa adiresi yawo situluka m'laputopu.

Kaundula amene tamutchula kangapo uja asakhale chinthu chachikulu. Mizati 7 ikwanira: dzina la guest, sisitimu, nambala ya khadi, VSWITCH, VLAN, MAC yonse ndi IP, ndi tsamba lina la prefix zonse ndi eni ake. Kamodzi pa mwezi tulutsani QUERY VMLAN ndi QUERY VSWITCH DETAILS pa z/VM iliyonse, virsh domiflist pa host iliyonse, muike ma adiresi onse mu fayilo imodzi, adiresi imodzi pa mzere, zilembo zonse zazing'ono ndi colon pakati chifukwa CP imalemba ndi ma dash pamene Linux imalemba ndi colon. Kenako sort mac.txt | uniq -d. Mzere uliwonse umene watuluka ndi seva ziwiri zimene muyenera kuzilekanitsa sabata yomweyo.